Tsiku Limene Tinalemera kwa Maola Awiri

Ndikukumbukira fungo la dothi lonyowa m'mawa umene amayi aakulu anandiuza kuti ndizire nyumba kachiwiri. Tinkakhala kufupi ndi ku Nguludi, m'kanyumba kaudzu. Amayi aakuluwa, a Felesiya, anali achemwali awo a malemu mayi anga, ndipo ananditenga ndili wamng'ono. Ankagulitsa zitumbuwa ndi kalongonda m'mbali mwa msewu. Chaka chimenecho ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, koma fizi panalibe, moti kalata yondiitana inangogona m'Baibulo. Aphunzitsi aakulu anapereka dzina langa ku bungwe lina lothandiza ana amasiye, ndipo tinauzidwa kuti Lachinayi kubwera mlendo kudzaona mmene tinkakhalira.

Pa uthenga wonsewo amayi aakulu anamvapo mawu amodzi okha: mlendo. Kwa iwo, kukhazika mlendo pa mphasa yong'ambika chinali chipongwe. Lachitatu lonse tinazungulira mudzi. Kwa a Makwinja, aphunzitsi opuma ntchito, tinabwereka tebulo ndi mipando iwiri ya khushoni. Kwa oyandikana nafe, mayi Nasiyaya, tinatenga makapu agalasi, wailesi yopanda mabatire, ndi wotchi yapakhoma yomwe inaima pa 4 koloko kalekale. Ine anandiveka nsapato za mwana wawo, zomwe zinkandipana chala chaching'ono ngati nkhanu.

Mlendo anafika pa kabaza, mayi wamfupi wa magalasi, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anakhala pa khushoni, nayang'ana wotchi, nayang'ana wailesi, kenaka maso anatsikira ku mapazi anga. Atafunsa kuti timadya kangati patsiku, amayi aakulu anayankha mutu uli m'mwamba kuti katatu, mwinanso kanayi.

"Amayi, apa zikuoneka kuti mukukwanitsa ndithu," anatero mlendoyo akutseka fayilo. "Kuli ana ena ovutikitsitsa."

Pomwepo tinamva odi. Anali a Makwinja, thukuta lili kamukamu. "Pepani a Felesiya, mipando ija. Kwafika apongozi mwadzidzidzi, angoima panja."

Mlendo anadzuka. Mipando inatuluka, tebulo linatsatira. Mayi Nasiyaya ataona katundu akudutsa anaganiza kuti mlendo wapita, ndiye anabwera ndi dengu. Analowa akuimba nyimbo ya kwaya, n'kuchotsa wotchi pakhoma, n'kulongedza makapu ndi wailesi. "Iwe, nsapatozo uvule bwino, mwini wake apita nazo ku Misa." Atatembenuka m'pamene anaona mayi wa magalasi ataima pakona, fayilo ili kukhwapa. Anagwada n'kupereka moni mwaulemu wonse, koma dengulo sanalisiye.

M'nyumba munatsala mphasa, mtsuko ndi msomali pakhoma. Mlendoyo anakhala pa mphasapo n'kuseka mpaka kuvula magalasi. Amayi aakulu sanaseke. Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Sindinafune kuti muziti mwana wa m'bale wanga ndikumusunga ngati nkhuku," anatero motsitsa.

Kuseka kunatha. Mlendo anatsegulanso fayilo n'kuyambiranso mafunso onse. Pa funso la chakudya amayi aakulu anakweza chala chimodzi.

Bungwe lija linandiphunzitsa sekondale yonse mpaka ndinamaliza ku koleji ya zauphunzitsi. Amayi aakulu anakhala mwezi wathunthu osayankhulana ndi a Makwinja, ngakhale kuti ndi bambowo amene anatipulumutsa.

Lero ndimaphunzitsa cha ku Namadzi, ndipo nthawi zina ndimaperekeza anthu a mabungwe m'makomo mwa ana anga a sukulu. Zinthu zinatembenuka. Masiku ano mudzi ukamva kuti kukubwera olemba mayina, mbuzi zimakagona kwa achibale, ana n'kuvekedwa sanza zomwe anasiya kale. Sindiwaweruza, njala inawaphunzitsa. Koma akadalipo ena, makamaka achikulire, amene umphawi wawo amaubisa ngati chilonda chapamalo obisika. Tikalowa m'nyumba yooneka bwino mopitirira, ndimawauza anzanga kuti asafulumire kulemba. Ndimapempha madzi akumwa, n'kumamwa pang'onopang'ono, khutu lili kukhomo.