Tsiku Limene Ndinalowa Dzina la Amalume

Amalume anga anali phungu wa nyumba ya malamulo m'zaka za chipani chimodzi, ndipo ine ndinali umboni wawo. Aphungu ena ankapita kumisonkhano ndi chikwama cha mapepala, koma iwo ankapita ndi ine. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale cha kufupi ndi Minga, bambo wa ana awiri, komabe Loweruka likakwana galimoto yawo inkaima pakhomo panga n'kuliza hutala, ine n'kuyamba kufunafuna nsapato.

Mkangano umene unawatchukitsa unali wa chuma cha masiye. Ku Lusaka kunkakambidwa zoti pakhale lamulo lakuti mwamuna akamwalira, nyumba ndi katundu zizitsalira mkazi ndi ana ake. Kwathu sizinali choncho. Mwana ndi wa kuchimake, ndipo wolowa m'malo mwa mwamuna ndi mwana wa mlongo wake. Amalume anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kukana kwamtuwagalu, mawu awo n'kumveka pawailesi dziko lonse. Sikunali kuyamba. Anali atalimbanapo kale ndi masiketi aafupi ndiponso magule achilendo a m'mabala, moti nyuzipepala ina inawajambula atavala chikopa, mkondo uli kumanja. Chithunzicho anachidula n'kuchipachika pabalaza.

Pamsonkhano ankandiimika pambali pa tebulo, dzanja lawo lili paphewa panga.

"Uyu mumuona apa ni mwana wa mlongo wanga," ankatero. "Tsiku nizafa, ni uyu azatenga jekete yanga, nyumba yanga na dzina langa. A ku Lusaka alembe vamene afuna!"

Madoda ankaomba m'manja. Amayi a chipani, atamanga zitenje zofanana, ankayamba nyimbo imene anapekera ineyo, yonena za fisi amene amazungulira nyumba ya wodwala. Ku Petauke anaiimba mpaka wapampando wa msonkhano anataya mtima n'kukhala pansi. Ndinkaseka pang'ono ngati sizikundikhudza, koma m'kati ndinkafa ndi manyazi. Kukana sindikadatha. Amalume ndiwo anali mwini mbumba, ndiwo anakandifunsira mbeta, ndipo mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pathu anali atandinong'oneza kale kuti mphunzitsi wokangana ndi phungu amadzuka tsiku lina atamusamutsira kumene basi sifika.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti nyumba imene ankaitchulayo ndinkaidziwa mwiniwake. Inali ku Nyimba, ya njerwa zowotcha, ya zipinda zinayi. Njerwazo anaumba ndi akazi a amalume pamodzi ndi alongo awo ochokera ku Luembe. Malata anagula ndi iwo omwe, ndi ndalama zosokera mayunifolomu a ana asukulu, amalume ali kalikiliki ndi ndale. Anali mayi wosachuluka mawu, wa ana aakazi atatu. Pamene ndinkaphunzira ku sekondale ndinkakhala pakhomo pawo, ndipo sanandisiyanitsepo ndi ana awo ngakhale pa chiponde chopaka mbatata. Pamisonkhano ankakhala kumbuyo kwa amuna awo, manja ali pamiyendo, n'kumamva nyumba yawo ikuperekedwa kwa ine sabata ndi sabata.

Chisankho chitayandikira, zinthu zinathina. Masiku amenewo opikisana onse ankachokera m'chipani chomwecho, ndipo akuluakulu a ku Lusaka ankatha kufufuta dzina la munthu asanafike n'komwe kwa ovota. Kunamveka kuti dzina la amalume lili pa mzere wofufutidwa. Iwo m'malo mofewa anawonjezera moto, poti anadziwa kuti chimene chinkawasunga ndi madoda a m'midzi amene ankati phungu wathu sasintha mawu. Dzina lawo linapulumuka, anapambananso, koma thupi linali litayamba kuwakana. Miyendo inkatupa, ndipo nsapato ankazipondera kuchidendene.

Tsiku lina masana, tikuchokera kumsonkhano, anaimitsa galimoto pamseu waukulu pamene amayi amagulitsa nthochi. Anagula phava limodzi, n'kundiuza kuti tikakhale pamthunzi patali ndi anthu. Anasenda nthochi koma sanaidye.

"Nvela," anatero. "Nikafa, nyumba ija usatenge. Ni ya amai ako aja, akazi anga, na ana. Iwe tenga jekete na dzina."

Ndinaganiza kuti akundiyesa. Nditaona nkhope yawo, ndinati, "Amalume, lembani pa pepala."

"Nilembe? Kalaliki azawelenga lelo, mailo vili mu nyuzipepala. Bazakamba ati mudala uja anali kunama zaka zonse izi."

"Ndiye auzeni amai anga."

Anapukusa mutu. Amayi anga, mlongo wawo wamkulu, ndiwo anasiyidwa kumunda kuti amalume apite kusukulu ya mishoni. Moyo wawo wonse anakhala m'nyumba ya udzu, akudzitonthoza kuti tsiku lina mwana wawo adzagona pansi pa malata a mlongo wawo. Amalume, munthu wosaopa nduna, ankaopa maso a mlongo wawo.

"Iwe ndiwe mwamuna, uzaona mochitila," anatero, n'kuimirira movutika.

Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Anandisenzetsa katundu amene iwo anamulephera, popanda mboni ngakhale imodzi. Khoswe anali atakhala pamkhate. Ndikatenga nyumba, ndiye kuti ndadyera masuku pamutu mayi amene anandilera. Ndikaikana, ndiye kuti ndavula amalume pagulu ndiponso ndalanda amayi anga chimene anachidikira zaka zonse. Miyezi isanu ndi umodzi ndinayenda ndi mawu amenewo osauza munthu, ngakhale mkazi wanga.

Anamwalira dzinja lisanathe. Maliro anali aakulu. Kunabwera magalimoto a boma, atolankhani awiri, ndi amayi a chipani aja, amene tsopano ankaimba nyimbo za maliro mokoma ngati sanatukwanepo munthu. Patapita masiku, titameta, abale anasonkhana pabwalo la nyumba ija kuti alonge wolowa dzina. Anthu a chipani ndi atolankhani sanachoke. Ankafuna kuona ngati zimene phungu ankalalikira zichitikedi pakhomo pake.

Anandikhazika pamphasa. Mkulu wina wa kubanja kwathu anandiveka jekete ya amalume, yaikulu moti manja anga anabisika, n'kundipatsa ndodo yawo. Anandiitana ndi dzina lawo katatu, ine n'kuvomera. Amayi anga analuluta. Makiyi a nyumba anali m'mbale patsogolo panga. Kenaka mkuluyo anafunsa funso limene limafunsidwa mwamwambo chabe, loti ngati pali wina amene malemu anamusiyira mawu.

Ndinati ndine. Kenaka ndinanena zonse, za nthochi, za mthunzi, ndi mawu awo monga anawanenera.

Mtolankhani mmodzi anatulutsa cholembera. Wapampando wa amayi a chipani anagwira mnzake pamkono, maso akuwala. Amayi anga anandiyang'ana ngati ndawathira madzi otentha.

"Wakupatsa chani mkazi uyu?" anafuula. "Wakudyetsa chani?"

Mkulu uja anakweza dzanja, n'kutembenukira kwa amayi amasiye, amene anakhala pakhonde ndi ana awo atatu, mitu ili mbee.

"Amai, munamvapo mau otele kwa amuna anu?"

Ndinkayembekeza kuti alira, kapena angokhala chete, ndipo kukhala chete komweko kukadandithandiza. Iwo anayang'ana mtolankhani uja, kenaka amayi a chipani, n'kukonza mpango wawo.

"Amuna anga analibe pakamwa pawili," anatero mosakweza mawu. "Vamene anakamba ku Lusaka ni vamene anakamba pa nyumba. Mwana uyu ni wachifundo chabe. Mupatseni makiyi."

Cholembera chija chinabwerera m'thumba. Anandiika makiyi m'manja, ndipo palibe amene analulutanso.

Amayi amasiye aja anachoka patatha masiku atatu, pa lole ya alongo awo, atatenga makina osokera, ziwiya ndi zovala. Mwezi wotsatira ndinapalasa njinga mpaka ku Luembe, makiyi ali m'thumba. Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba ya mchemwali wawo. Ndinagwada n'kuwaika makiyiwo pamphasa. Sanawakhudze.

"Niziba kuti sunaname," anatero. "Ananiuza na ine. Koma nikabwelela mu nyumba ija, onse bazaziba. Zaka makumi awili banamutukwana, sanagwe. Ufuna nimugwetse ine, ali m'manda?"

Ndinabwerera nawo makiyi. Ndinapempha kusamukira kusukulu ya ku Nyimba, ndipo amayi anga anatenga chipinda chakum'mawa, kumene anakhala mpaka imfa yawo, osandikhululukira kwenikweni. Lamulo lija linadzakhazikitsidwa ndithu patapita zaka, koma silinabwerere m'mbuyo kukafuna amasiye akale. M'tauni anthu ena ankandiona ngati wolanda nyumba ya amasiye, ena ngati wonamizira malemu, ndipo onse ankandipatsa moni ndi dzina la phungu.

Popeza ndinalowa dzina, asuweni anga atatu aja anasanduka ana anga. Sankandiitananso monga kale, pamene tinkalimbirana chiponde. Wamng'ono atapeza banja, anabwera ku Nyimba kudzandiuza monga bambo ake. Sanalowe m'nyumba. Anagwada pakhonde pomwe anaphunzirira kuyenda, n'kuomba m'manja.

"Atate," anatero, "a kuchimuna ni anthu a m'tauni, ku mudzi kulibe malo yobalandilila. Napempha munibwelekeko nyumba yanu tsiku limodzi chabe. Tizasesa tikasiliza."

Ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yake. Anaombanso m'manja, n'kunena kuti zikomo atate, adzabweza makiyi Lolemba.