Dzina lachisanu linali la pensulo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Ndinali nditagona pang'ono pakhonde la achimwene, nditatsamira thumba la chimanga. Kunkazizira, kuzizira kuja kwa Juni kuno ku Champhira. Moto wa abambo unali utatsala makala. M'nyumba amayi ankaimbabe, koma mawu anali atasasa.

Achimwene anga aakulu anamwalira Lachisanu. Tinadikira ana awo awiri a ku Joni, ndiye maliro tinaika Lachitatu.

Kusanache ndinapita kumanda kukaonetsa adzukulu malo, pafupi ndi bambo athu. Nthaka inali youma. Ndinawasiya akusinthana piki.

Nditabwerera, alamu, akazi a malemu, anandiitana m'nyumba. Anandipatsa pepala limene analipeza m'thumba la jekete ya malemu. Pamwamba panalembedwa kuti Komiti ya Mishoni. M'munsi munali maina asanu. Anayi anali a bolopeni. Dzina lachisanu linali la pensulo, ndipo linali langa.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wamkazi wa achimwene, Tiwonge, ndi namwino. Chaka chatha mpingo waukulu unamutumiza ku South Sudan pamodzi ndi mwamuna wake, kukathandiza odwala ndi kulalikira. Tsiku lotsanzikana tchalitchi chathu chinadzaza. Patapita miyezi itatu, dzina lake silinkamvekanso m'pemphero. Achimwene zinawawawa. Anati pakhale anthu asanu oyang'anira ntchito ya kunja. Azimuimbira foni sabata iliyonse, aziwerenga makalata ake pamaso pa mpingo, azisonkhanitsa chimanga chothandizira ntchitoyo pokolola. Ndipo ena akafuna kupita kumaiko ena, akhale ndi owakonzekeretsa.

Anthu sanamve. Kwathu mishoni ndi malo, kumene kuli tchalitchi cha njerwa, sukulu ndi chipatala. Ena anafunsa ngati komitiyo idzakonza denga. Ndipo kwathu munthu akati kunja, ndiye kuti ku Joni. Achimwene anafotokoza mpaka kutopa. Ine anandipempha kangapo kuti ndilowemo, ndinakana. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. South Sudan sindidziwa ili mbali iti. Komanso munda sudikira misonkhano. Komitiyo inayenera kuimikidwa Lamlungu lapitali. Sanalifike.

Pepalalo ndinaliika m'thumba.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Ena pa njinga, ena pa pikapu yochokera ku Boma, ambiri wapansi. Kuseri kwa nyumba moto unayaka m'malo anayi, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha mphepo. Amayi a mpingo anabwera ndi yunifolomu zawo zoyera, fumbi litafiiritsa nsapato. Ana a ku Joni anakhala pafupi ndi bokosi, atavala majekete achikopa. Tiwonge panalibe. Ulendo wake sukanatheka.

Bambo wina wa ku Euthini anandikokera pambali. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Adada, pepani chomene. Koma pepala lija la opita kunja lili ndi ndani tsopano? Pasipoti ndili nayo."

"Mukufuna kukalalikira?"

"Chilichonse, adada. Ngakhale ntchito ya m'galadeni."

Ndinalibe mphamvu yofotokoza. Ndinamuuza kuti akhale pansi, mwambo ukuyamba.

Zolankhula zinatalika. Aliyense anati achimwene anali munthu wabwino. Za komiti palibe anatchula. Dzuwa linafika pamutu koma silinatenthe.

Tinanyamuka cha m'ma wani koloko. Amuna ankasinthana bokosi, amayi akuimba pambuyo. Njira ya kumanda imadutsa m'munda wa achimwene. Mapesi anali chiimire, chimanga china chisanakololedwe.

Titakwirira, inafika nthawi ya nkhata. Mkulu wa mpingo ankaitana, anthu n'kumapita kukaika. Alamu anaika. Ana a ku Joni anaika. Ine ndinaika. Panatsala nkhata imodzi ya maluwa ofiira. Alamu ndi amene anaikonzetsa, ndipo anali atamuuza mkuluyo woyenera kuiika.

"Iyi ndi ya Tiwonge," anatero mkuluyo. "M'malo mwake aike a Komiti ya Mishoni."

Palibe anaimirira.

Anaitananso. Anthu anayang'anana. Ndinaona anayi aja, aliyense pamalo pake, maso pansi. Mphunzitsi wopuma, amene dzina lake linali loyamba, ananena chapansipansi kuti komitiyo sinaimikidwe. Zinali zoona. Mkuluyo anayamba kuyang'ana mayi wina aliyense woti angoitenga, mwambo uthe.

Ndinadziwa kuti nkhatayo ikaikidwa ndi munthu wamba, komiti takwirira pamodzi ndi mwini wake. Tiwonge akhala yekha kumeneko.

Ndinatulutsa pepala. Sindiwerenga msanga, ndipo sindinalankhulepo pagulu. Ndinawerenga dzina loyamba. Mphunzitsi uja anaimirira. Ndinawerenga lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Anabwera mmodzimmodzi: mayi wogulitsa tomato pamsika, mlimi wa fodya, ndi mayi wa kwaya. Ndinapinda pepala.

Alamu anadzutsa mutu. Tsiku lonse anali asanalankhule mokweza.

"Alamu, pali maina asanu."

Anthu onse anamva. Ndinapita kukagwira nkhata mbali yotsalayo. Tinaiika asanu. Abusa sanadikire Lamlungu. Anatiuza kuti tigwade pomwepo, pafumbi, n'kutipempherera. Bambo wa ku Euthini uja anafunsa mnzake mokweza ngati asanufe ndi amene tapeza mwayi wopita. Ena anaseka, ngakhale panali pamanda.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, anayamba kubalalika. Pikapu inanyamuka. Mabenchi anabwezedwa kutchalitchi. Dzuwa likulowa panatsala achibale ochepa ndi phulusa.

Ndinakhala pampando wa pakhonde. M'nyumba munali zii. Alamu anatuluka ndi foni ya achimwene, n'kuiika pabondo panga. Anati Tiwonge amaimba Lachitatu lililonse, dzuwa likamalowa.

Ndinapempha bolopeni. Ndinatsatira zilembo za pensulo zija chimodzichimodzi, mmene achimwene anazilembera. Dzina linkatuluka lokhota.

Foni inalira ndisanamalize.

"Adada aang'ono? Mwawaika?"

"Tawaika."

Analira. Ndinamusiya alire. Atatha anafunsa kuti sabata yamawa aziimbira ndani.

"Nambala yomweyi," ndinatero. "Mbwenu undiuze kaye. South Sudan ili mbali iti?"