Kusamala kwa Efren Magbanua

Pa anthu onse okwera sitima ya mmawa kuchokera ku Blacktown, dera la kumadzulo kwa Sydney, panalibe wosamala kuposa Efren Magbanua. Munthuyu sankawoloka msewu getsi lisanalole, ngakhale mumsewumo mutapanda ndi njinga yomwe. Akakumana ndi wapolisi ankamupatsa moni, wapolisiyo n'kutsala akudzifunsa kuti walakwanji. Sikuti anabadwa wamantha, ayi. Ankafuna chinthu chimodzi basi, chiphaso chokhalira mu Australia moyo wake wonse. Ndipo anzake anamuuza kuti chiphasocho amapatsa munthu amene dzina lake silinalembedwepo pa pepala lililonse lokayikitsa.

Anabadwira ku Iloilo, m'dziko la Philippines, mwana wachitatu wa mayi wogulitsa nsomba zouma. Anaphunzira unamwino, ndipo ali ndi zaka 24 anakwera ndege kudzapitiriza sukulu ku Sydney. Anafikira kwa azakhali ake, Tita Luningning, mayi wopita kutchalitchi katatu pa sabata, wodziwa za aliyense wa kwawo wokhala ku Blacktown, amene wasiya mkazi, amene akubisa mimba, amene galimoto si yake. Za mwana wa mlongo wawo yekha ndi zimene sankadziwa, kapena ankadziwa koma n'kusankha kupitiriza kukazinga nkhumba. Efren ankakonda amuna anzake. Nkhaniyi ankaisunga pamene ankasunga pasipoti, pansi penipeni pa sutikesi.

Ntchito anaipeza pa nyumba yosungira okalamba. M'chipinda cha nambala 14 munkakhala a Desmond Cullinane, mzungu wa zaka 74, wometa tsitsi wakale wa ku Oxford Street, msewu wa pakati pa mzinda umene amuna okondana amayendamo atagwirana manja popanda wowacheukira. A Des anawapeza ndi kachilombo ka HIV mu 1986, madokotala n'kuwapatsa chaka chimodzi ndi theka. Madokotalawo anatha onse kumwalira, a Des ali pompo. Miyendo yokha ndi imene inawakana, koma pakamwa panali pamoyo kuposa wailesi.

Tsiku loyamba, Efren atawerenga khadi la mankhwala awo, anavala magolovesi awiriawiri dzanja lililonse.

“Iwe wabwera kudzandipatsa pilisi kapena kudzafula njuchi?” anafunsa a Des.

“Ndi lamulo, a Des.”

“Lamulo la agogo ako. Kachilombo kanga kanagona iwe ukuyamwa. Madokotala amakafunafuna m'magazimu kawiri pa chaka, osakapeza. Ngakhale nditafuna kukupatsira sindingathe, ndipo usadzinamize, sindikufuna.” Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. “Nanga iweyo umamwa aja oteteza?”

“Oteteza chiyani?”

“Usandiyese mwana. Ndameta mitu zaka makumi anayi, mnzathu ndimamudziwira kumbuyo kwa khosi.”

“Ine ndimapemphera, a Des.”

“Nanenso ndinkatumikira pa Misa. Sizilimbana zimenezo.”

Mankhwala amene a Des ankanena ndi mapilisi amene munthu wopanda kachilombo amamwa kuti asakatenge. Anyamata achizungu a ku Oxford Street ankawamwa ngati mtedza. Koma iwo anali ndi khadi la boma lolandirira chithandizo, anali ndi dokotala wawo wocheza naye, ndipo panalibe ofesi imene ikanawathamangitsa m'dziko lawo lomwe. Efren khadilo analibe, ndipo nzeru zake zinali izi: ukapita kuchipatala amalemba dzina, dzina likalembedwa limayenda, likayenda lifika ku ofesi ya ziphaso. Komanso pa sitolo ya mankhwala ya kufupi ndi kwawo pankagwira ntchito mnzawo wa Tita wa mu bungwe la amayi.

Ndiye anadzipangira katemera wakewake. M'mutu mwake Edzi inali matenda a azungu okalamba, popeza zithunzi zonse zimene anaziona m'mabuku a sukulu zinali za anthu otero. Lamulo lake linali losavuta. Mzungu ayi, wopitirira zaka 30 ayi, wa m'mabala a mumzinda ayi. Wa kwawo yekha, wachinyamata, wongofika kumene, wopita kutchalitchi. Koma abale, nzeru zina! Munthu wa satifiketi ya unamwino kumathawa amuna amene ankayezetsa magazi miyezi itatu iliyonse, n'kumasankha okhawo amene sanaoneko jakisoni chifikireni, chifukwa nawonso ankaopa ofesi yomweyo. Zimandipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa Efren sanali chitsiru, ndipo sanali yekha.

A Des anayesetsa, tisawanamizire. Anamupatsa kakhadi ka chipatala china cha mumzinda.

“Kumeneko ndi kwaulere, khadi la boma safunsa. Ukawauza kuti dzina lako ndi Mbatata, alemba Mbatata.”

“Ndidzapita chiphaso chikatuluka.”

“Chituluka liti?”

“Zikatha zaka zitatu.”

“Ndiye kachilomboko wakauza kuti kadikire?”

Efren anaseka, n'kuika kakhadiko m'thumba la buluku. Bulukulo analichapa Loweruka, kakhadiko kali momwemo.

Chaka chotsatira, pa phwando la ubatizo wa mwana wa anansi, anakumana ndi Arnel Tupas. Arnel anali wa zaka 23, wa ku Bacolod, wophunzira zophikaphika, woimba m'kwaya ya Lamulungu mmawa. Ankakwanira m'lamulo la Efren ngati anachita kumusoketsa kwa telala. Anakondana zenizeni, osati zamasewera. Masiku opuma ankakwera boti la ku Manly, n'kumadya mpunga m'kontena limodzi, mawondo okha atagundana. Za magazi anakambirana kamodzi.

“Uli bwino, eti?” anafunsa Efren.

“Ndili bwino. Ine azungu sindiyenda nawo. Iwe?”

“Chimodzimodzi.”

Kuyezetsa kwawo kunathera pomwepo, ndipo palibe ananamiza mnzake. Patatha miyezi isanu ndi itatu sukulu ya Arnel inatha, chiphaso chake cha maphunziro chinatha nayo, anabwerera kwawo. Efren analira sabata yathunthu, Tita n'kumamuphikira msuzi wa chimfine.

M'chaka chachisanu eni ntchito anavomera kumuimira pa pempho la chiphaso. Mapepala onse anali oyera, a kupolisi, a Chingerezi, a msonkho. Kunatsala kupimidwa m'thupi basi, ndipo anapitako atasita shati. Patapita masiku anayi anamuimbira foni kuti abwerenso. Dokotala anali mayi wachifundo, anamukhazika pansi n'kumuuza kuti amupeza ndi kachilombo.

“Musade nkhawa, bambo Magbanua. Pilisi limodzi patsiku, mudzakalamba ngati wina aliyense.”

Loya wake ndiye anamufotokozera kuti vuto linali lomwelo. Ofesi imayang'ana kuti munthu wofuna kukhazikika adzadya mankhwala ochuluka bwanji a boma, ndipo wodzakalamba amadya ambiri. Panali mwayi wopempha kuti amuchitire chifundo, koma kuvomera kapena kukana zinali kwa iwo. Efren anathokoza loyayo mwaulemu, anakalowa m'chimbudzi cha pa siteshoni, n'kulira moti mpaka wosesa anagogoda. Mantha anali nawo, manyazi anali nawo, koma chimene chinamuwawa kwambiri chinali kuganiza za Arnel, amene mwina ankaimbabe m'kwaya osadziwa kanthu. Anamulembera uthenga ali momwemo.

Sabata yomweyo a Des anaitanidwa kukayankhula pa chikondwerero mumzinda, chifukwa chiwerengero cha otenga kachilombo kumeneko chinali chitatsika mpaka kutsala pang'ono kutha. Wokankha chikuku chawo anali Efren. Holo inadzaza amuna a imvi ovala bwino, akupsompsonana m'masaya ndi kudabwana kuti akadali moyo. Mayi wina wa bungwe anaonetsa chithunzi cha mizere pakhoma. Mzere waukulu unkatsika ngati njinga yopanda mabuleki, anthu n'kuwomba m'manja. Pansi pake panali kamzere kena kosatsika.

“Awa ndi anyamata obadwira kunja,” anatero mayiyo, “makamaka a ku Asia, okhala kumadzulo uko. Amenewa ndi ovuta kuwapeza.”

Efren anali chiimire mapazi awiri kuchokera pamene panali mayiyo, atagwira chikuku. Anthu anapukusa mitu mwachisoni, ndipo bambo wina wa pa mzere woyamba anamukodola kuti amubweretsere madzi. Anakatenga madziwo. Kenako a Des anatchula mayina a anzawo amene anawaika m'manda, mmodzimmodzi, mpaka mawu anawathera pa dzina la makumi atatu ndi chakuti, n'kungoti, “Tapambana, anyamata.” Holo yonse inaimirira, ndipo Efren anawomba nawo m'manja, nanga akanatani.

Efren anawauza a Des za magazi ake pobwerera, m'galimoto yonyamula zikuku.

“Mzungu?” anafunsa a Des.

“Ayi.”

“Wamkulu?”

“Wa m'kwaya.”

A Des anatukwana boma, anatukwana tchalitchi, anatukwana mayi wa mizere uja, n'kumaliza ndi kudzitukwana okha. Kenako anagwira dzanja la Efren osalisiya mpaka kufika. Mawa lake anayamba kalata yomupemphera chifundo. Inakwana masamba asanu ndi limodzi, koma loya atachotsamo zotukwana inatsala theka la tsamba.

Yankho linabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri. Linali la ulemu wake, lomuthokoza chifukwa cha ntchito yake yosamalira okalamba a dzikolo, ndi lomupatsa masiku oti akhale atanyamuka. Efren anangowauza Tita kuti sanamuvomere. Iwo sanafunse chifukwa. Anayamba kulongedza katoni ya sopo ndi chokoleti yopita kwa abale, ndipo polongedza sutikesi yake anatenga botolo la mankhwala limene Efren ankabisa mu nsapato, n'kuliika m'thumba la pambali losavuta kufikira.

Mmawa wake womaliza pa ntchito Efren analowa m'chipinda 14 ndi kapu ya madzi ndi pilisi. A Des anamuuza atseke chitseko. Anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa sokosi yomanga kukamwa.

“Tenga. Usaonetse munthu.”

Efren anamasula. Munali mapilisi a a Des, mulu, ena osungunuka mbali imodzi.

“A Des, izi ndi chiyani?”

“A miyezi itatu. Ndinkadziwa kuti akukana, bomali ndinayamba kulidziwa iwe kulibe. Ndinkawasunga m'tsaya, ukatuluka ndikulavula.” Anayankhula monyadira, ngati mwana amene wasesa pabwalo osatumidwa. “Ndimo tinkachitira kale. Wina akafa tinkathamangira kunyumba kwake achibale asanafike, kukatenga mabotolo otsala kuti tikapatse wamoyo. Ine kufa kwandichedwera, ndiye ndangoyambiratu.”

Efren anakhala pa bedi, chinthu choletsedwa pa ntchitopo. Apa m'pamene anamvetsa chifukwa chake nkhalambayo inkatsokomola mwezi wonse, ndi chifukwa chake dokotala ankakanda mutu poona magazi awo.

“A Des, kwathu mankhwala alipo.”

“Ku Philippines?”

“Alipo, aulere. Mumayesa timachiza ndi masamba a nthochi?”

A Des anayang'ana sokosi ija. “Palibe anandiuza.”

“Simunafunse. Komanso awa si amene ndimamwa ine.”

“Ndiye ndadzipha chabe.”

“Simunafe. Ndikauza dokotala lero lomwe, ndipo akukalipirani mpaka makutu agonthe.” Efren anali wokwiya, koma chikhalireni palibe munthu anamuchitirapo chinthu chachikulu chotere, ngakhale chinali chopusa. Anawapatsa pilisi la tsikulo ndi madzi, n'kuimirira pompo. “Mezani. Yasamulani. Kwezani lilime.”

A Des anamvera, nkhalamba imene inali isanamverepo munthu chibadwire. M'kamwa munali mopanda kanthu.

“Mawa ubwera nthawi yanji?”

“Ndege ndi mawa, a Des.”

“Ndiye kubwera mtsikana uja wongoika kapu patebulo n'kutuluka.”

“Muzimwa nokha. Ndinu akuluakulu.”

A Des anatembenukira kuwindo. “Ndimwere ndani?”

Belu la m'chipinda 15 linali likulira, ndipo ntchito ya Efren inkatha 3 koloko, choncho anatola kapu n'kupita kukaona.