Tsiku Limene Mphuno ya Ndege Inakana Kutsika

Mmawa umenewo kunkazizira koma kunalibe mtambo, udzu wa pabwalo la tindege unali ndi mame oundana omwe ankalira pansi pa nsapato, ndipo chapatali kunkangomveka magalimoto a mumsewu waukulu ndi akhwangwala basi. Ndikudziwa kuti ena mukamva zoti Mmalawi wa imvi wa ku Romford, ku England, anapanga ndege m'garaja muziti nkhalamba yayamba kubwebweta, koma ine ndine munthu wopemphera, ndiname kuti ndipeze chiyani pa msinkhu uno? Zinandichitikiradi, zaka zingapo zapitazo.

Ntchito yanga inali yokonza mabasi, ndipo kuyendetsa tindege ndinaphunzira nditakula kale, mayi a kunyumba akundiseka kuti ndikufuna kufika kumwamba ndisanaitanidwe. Iwo atatisiya, nyumba inandikulira. Ndiye alamu anga, mlongo wawo wa malemuwo, amene ndi namwino ku Barking, ndi mnzathu wina wa kutchalitchi wodziwa zamagetsi, wobadwira ku Zimbabwe ngakhale makolo ake ndi akwathu, anati tigule ndege ya mipando iwiri yobwera zidutswazidutswa m'mabokosi, tizilumikiza Loweruka lililonse. Ndikuganiza kuti ankangofuna kuti manja anga apeze chochita.

Tinagwirizana pa zonse kupatula tirimu. Kwa amene simukudziwa, kumchira kwa ndege kuli kachitsulo kopyapyala ngati chikhatho, kamene ukakapendeketsa pang'ono, mphuno ya ndege imakhazikika pomwe ukufuna, osalimbana ndi ndodo yowongolera ulendo wonse. Mungathe kukasuntha ndi chingwe chachitsulo chochokera pa kagudumu kopukusa ndi dzanja, kapena ndi kamota kamagetsi kongodina batani pandodo. Ine ndinkafuna chingwe, chifukwa chingwe chikayamba kutha umachiona, chikalimba dzanja limamva. Wamagetsi uja anandiseka, amvekere madala kodi tikupanga ndege kapena ngolo, ndipo alamu anawonjezera kuti munthu amene foni yake ikadali ya mabatani akukana bwanji batani limodzi lokha. Kunena zoona mfundo anali nazo: kamota nkopepuka, ndipo simuvutika kudutsitsa chingwe thupi lonse la ndege. Awiri kwa mmodzi, ndinavomera. Woyendera wovomereza ndege anabwera, anaona zonse, ndege inayesedwa ndipo inauluka bwinobwino miyezi yambiri.

Kenaka ndinapita kumudzi kukamanga chiliza cha mkazi wanga, ndinakhalako mwezi wathunthu. Nditabwerera, Loweruka loyamba ndinati ndikauluke ndekha pang'ono kuti mtima upepuke. Awiriwo analipo, anandithandiza kukankha ndege kuitulutsa m'shedi. Ndinaona kuti nthabwala zachepa, koma ndinkati akulemekeza kumene ndachokera. Ndinayesa zonse pansi monga mwa nthawi zonse, batani lija linamvera.

Nditanyamuka, mitengo itangotsala pansi, ndinadina batani kamodzi kuti mphuno ikwere pang'ono, nkuchotsa chala. Kamota sikanaime. Ndodo inayamba kundikankha kubwera kumimba ngati pali munthu wina wamphamvu amene waigwira, minda yonse inasowa, pagalasi panangotsala thambo lokhalokha, ndipo muvi wa liwiro unayamba kutsika. Mukudziwa kodi chimene ndege imachita liwiro likatha mphuno ili m'mwamba? Imagwa ngati mwala, ndipo pamene ndinali ine panalibe mtunda woti nkuidzutsiranso.

Ndinakankha ndi manja onse awiri. Ndinayesa kudina batani mobweza, koma linali ngati lafa. Mapemphero onse amene ndakhala ndikutsogolera kutchalitchi anathawa, pakamwa panangotsala kuti Ambuye, Ambuye. Vuto linali lakuti ndinkafunika dzanja lachitatu. Ndiye ndinatsamiza bondo pandodo, nkutambasula dzanja limodzi kuzimitsa magetsi onse a m'ndege, poti injini ili ndi moto wakewake siidalira batire, kenaka ndinachepetsa mphamvu ya injiniyo. Kukankha kuja kunafewa pang'ono, mphuno inatsika, ndinaonanso mipanda ndi misewu. Koma kamota kanali katafika kale kumapeto, ndipo kopanda magetsi sikakanabwerera. Wailesi nayo inali itazima, panalibe womuuza. Ndinazungulira bwalo thukuta likulowa m'maso kuzizira konse kuja, mpaka ndinatera movutikira, ndege inadumpha kawiri nkuima.

Awiri aja anabwera akuthamanga. Ndisanatsike nkomwe, alamu anagwada paudzu wonyowawo, munthu wamkulu wa ana atatu, nkuyamba kuulula. Anati ine ndili kumudzi, kamota kanayenda kokha kawiri ndege ili m'shedi. Anapeza kuti batani lalowa chinyontho, analiumitsa ndi chowumitsira tsitsi cha akazi awo, ndipo linayambanso kugwira. Tsono anapangana kuti asandiuze msanga, poti kwathu munthu wochokera kumanda sumulandira ndi nkhani zolemetsa, umayamba wamusiya apume. Wamagetsi uja, misozi ili m'maso, anawonjezera kuti panalinso manyazi, ankaopa kuti madala anena kuti ndinakuuzani. Mmawa umenewo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kulankhula, mpaka anangoona ndege ikunyamuka.

Ndinakwera basi kubwerera kunyumba, ndipo kwa milungu itatu foni yawo sindinayankhe. Sikuti ndinkawakonzera chilango ayi, ndinkafuna kuti ndikadzatsegula pakamwa patuluke mawu anga, osati a mantha aja. Ndinadzifunsanso kuti, ine amene ndakhala ndikuuza anthu kuti ndine wofatsa, zatheka bwanji kuti abale anga aope lilime langa kuposa ngozi?

Lero ndege ija ili ndi kagudumu ndi chingwe, tinaika tonse atatu. Sindikunena kuti kamota nkoipa, ambiri akuuluka nako mwamtendere, koma mukasankha kameneko ikani swichi yakeyake yozimitsira pomwe chala chifika osayang'ana, ndipo batani limene lakanirira ngakhale kamodzi lichotseni, musalinyengerere. Chimene ndimakhulupirira kwambiri tsopano nchakuti Mulungu anandisunga kuti ndinene izi: ulemu wathu ndi wabwino pamaliro ndi pakhomo, koma pa chinthu chonyamula moyo wa munthu, chilema chinenedwe tsiku lomwelo, kaya mwini wake ndi wamkulu, kaya akulira. Musadikire kuti mnzanu ayambe.

Lamlungu lachinayi chichitikire zimenezi ndinawapeza awiri aja ataima panja pa tchalitchi, akuopa kulowa. Ndinawagwira chanza onse awiri, ndipo ndinawakhululukira.