Siteshoni Yopanda Denga

Bambo anga atapuma ntchito ya njanji, anayamba kumanga siteshoni ya Mchinji ya mapepala patebulo lathu ku Kamwendo. Ine ndinali taipisiti ku boma, ndiye ndinkawasindikizira makoma ndi mawindo pa kompyuta ya ku ofesi. Iwo ankadula ndi lezala n'kumata ndi phala la chinangwa, pambali pa kasitima kawo ka mabokosi a machesi.

Chinatsala ndi denga lokha.

"Nabanda, pepala la malata lija lili pati?" ankandifunsa Loweruka lililonse.

"Inki yatha, bambo."

Inki inalipo. Kungoti mnzanga wa mu ofesi anaona pepalalo likutuluka, n'kuseka: "Bambo anu ayamba masanje?" Ine, ntchembere ya ana awiri, ndinachita manyazi n'kuliponya m'bini.

Bodzalo ndinalinena miyezi itatu, mpaka bambo anayamba kunditonthoza: "Osadandaula mwananga, mvula siigwa m'nyumba muno."

Anamwalira mu Okutobala. Sabata yotsatira ndinasindikiza madenga asanu, koma zala zanga sizidziwa mapindidwe ake. Siteshoni ya bambo ikadali yosafolera.