Bawuti Zakumanzere za a Girisi

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima n'kugwira cholembera. Chibadwire sindinalembepo nkhani, kupatula makalata a ku ofesi, ndipo ndime ino yokha ndaifuta kanayi. Ndine kalaliki pa famu ya ng'ombe zamkaka. Amene ndikufuna kunena za iwo ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga, makanika wa pa famupo. Zina ndinaziona ndekha, zina ndinazimva kwa mkazi wanga.

Anthu amawatchula a Girisi, chifukwa ngakhale asambe ndi sopo wochapira, m'zikhadabo mumatsalabe mwakuda bii. Atha zaka makumi atatu m'shedi imodzimodzi ya malata, momwe sipanala iliyonse ili ndi msomali wake pakhoma. Nyumba imene amakhala ndi ya kampani. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha.

Pa makina onse, amene amawadziwa ngati mwana wawo ndi otchetchera udzu wa ng'ombe, okokedwa ndi thalakitala. Kunsi kwake kuli mbale zinayi zachitsulo zokhala ndi mipeni. Ziwiri mwa mbalezo zimagwidwa ndi bawuti za mazinga akumanzere: pomanga umapotokola ngati ukumasula. Anazipanga dala choncho kuti mbale ikamazungulira, bawuti izilimba m'malo momasuka.

Mwezi wathawu makinawo anagunda chitsa, bawuti ziwirizo n'kuthyoka. A Girisi analemba saizi ndi kutalika pa kapepala ka thumba la simenti, m'munsi n'kuwonjezera ndi zilembo zazikulu kuti ZAKUMANZERE. Kapepalako kanafika pa tebulo langa. Fomu yoitanitsira katundu ili ndi mabokosi atatu okha: saizi, kutalika, chiwerengero. Ine sindikonda kulemba m'mphepete mwa fomu, kumaoneka uve. Kukawafunsa apongozi ndinachita manyazi. Mawu aja ndinawasiya.

Katundu anafika patatha masabata atatu. A Girisi anatsegula bokosi, kuika bawuti imodzi pachikhatho, kuyendetsa chikhadabo m'mazinga. Sanayese n'komwe kuimanga.

"Ndiye bwanji, madala?" anafunsa bwana manijala ataima pakhomo pa shedi. Ndi munthu wobwera chaka chatha, nsapato zake sizidziwa ndowe.

"Izi n'zakumanja, bwana. Sizilowa."

"Munaitanitsa ndinu."

A Girisi ankadziwa zimene analemba, ankadziwanso dzanja limene linakopera. Koma dzanjalo ndi limene limadyetsa mwana wawo ndi zidzukulu zitatu.

"Mwina ndinaiwala," anatero.

"Kuiwala kwayamba kukuchulukirani. Udzu ukukhwima, ng'ombe sizidya mapesi ouma. Likafika Lolemba makina asanayende, ndiitana a kontilakiti adzagwire ntchito yanuyi, ndipo inu tikambirana zokapuma pa ntchito."

Lachisanu m'mawa a Girisi anakulunga chidutswa cha bawuti yothyoka m'kansanza, n'kukwera basi ya ku tauni. Anayamba ndi msewu wa masitolo a zitsulo, kulowa khomo ndi khomo. M'sitolo yachitatu, wogulitsa wonenepa anaitembenuza bawutiyo n'kuitana mnzake.

"Tabwera uone, agogo akufuna bawuti yamanzere. Agogo, sipanala yamanzere muli nayo kale, kapena tikupezereni?"

"Taiyesani nati yanuyo, mwana wanga."

Wogulitsa anayesa, nati inakana. Anayesa ina, inakananso.

"Mazinga ndi ophwanyika awa."

"Mazinga ali bwino. Chophwanyika chili kwina."

Mnzake uja anaseka, koma bawuti panalibe. M'sitolo yachisanu ndi chiwiri anawauza kuti zotere n'zoitanitsa kunja, adikire mwezi.

Woyamba kuwamvetsa anali wokonza njinga pansi pa mtengo, pafupi ndi siteji ya basi.

"Ngati pedulo yakumanzere? Ndazidziwa, achimwene. Anthu amandithyolera tsiku ndi tsiku, amvekere yachita dzimbiri." Anakhuthula chitini chake chonse cha bawuti pa chiguduli, koma zonse zinali zazing'ono. "Pitani kwa asisi osema zitsulo kuseri kwa chigayo. Amene aja angakusemereni ngakhale dzino."

Mayi wosema zitsuloyo anaiyeza bawuti mosamala, magalasi ali pamphumi.

"Kusema ndisema, bambo, lero lomwe. Koma ndisakunamizeni, chitsulo chimene ndili nacho n'chofewa, cha mageti. Yanuyi ndi yolimba kwambiri. Imagwira chiyani?"

"Mbale ya mipeni."

"Ndiye musanditchule ikathyoka."

A Girisi anayang'ana timaphale tachitsulo tili mbwee pansi. Bawuti yofewa ikhoza kugwira sabata, mwina mwezi, bwana osadziwa kanthu. Koma kumbuyo kwa makinawo kumayenda azimayi osonkhanitsa udzu, ndipo a Girisi anaonapo mbale itachoka ili mkati mozungulira: inadula mtengo wa mpanda ngati nzimbe. Anathokoza mayiwo, n'kukulunganso chidutswa chawo.

Anafika pa famu dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Bwana anali akuwadikira ku shedi.

"Mwalephera? Basi, wotchererani mbalezo. Makina owotcherera ali apo."

"Powotcherera pamang'aluka, bwana. Ine sindingachite zimenezo."

"Simungathe kapena simukufuna?"

"Sindikufuna."

Bwana anangogwedeza mutu n'kunena kuti Lolemba si kutali.

Loweruka mkazi wanga anapita kukawaona. Anapeza mayi ake akutsitsa zithunzi pakhoma n'kumazikulunga m'nyuzipepala.

"Amayi, mwayamba kale kulongedza? Tadikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Bambo ako ukuwadziwa. Akati toto, ngakhale uwakoke ndi thalakitala yawo yomweyo."

A Girisi anali panja akupukuta masipanala awoawo, osiyana ndi a kampani. Anamufunsa za ana, za chifuwa cha wamng'ono. Kenako, osadzutsa mutu, anati: "Amuna ako uwauze asade nkhawa. Ntchito yawo aigwire bwino."

Mkazi wanga anandiuza mawuwo akusita malaya anga, osadziwa chimene akutanthauza. Koma ine ndinadziwa.

Lero ndi Lamlungu. Masiku onsewa ndakhala ndikudziuza kuti kalaliki amangokopera, kuti nkhani ya bawuti si yanga. Sindikudziwa ngati bwana angasinthe maganizo, kapena ngati atichotsa tonse awiri. Koma mkazi wanga ndimuuza lero tikamaliza kudya. Mawa ndikafika ku ofesi bwana asanaitane a kontilakiti, ndikanena ndi pakamwa panga kuti wolakwa ndine, ndipo ndikapempha kuti bawuti zoyenera ndikazisake ndekha, ngakhale kukhale kutali chotani. Ndikakatuluka mmenemo ndikalowa ku shedi kukapepesa kwa apongozi anga, ndi manyazi anga omwewa.