Mbale ziwiri za chimanga, imodzi ya nandolo

Chaka chimene mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye, ine ndinakolola nandolo wambiri ndi chimanga chochititsa manyazi. Aneba anga, mayi amene makolo awo anabwera kuno kuthawa nkhondo ku Mozambiki, zawo zinali zosiyana. Munda wawo uli kudimba, chimanga chinadzadza matumba, koma nandolo mbuzi zinawathera. Iwo anali ndi ufa wopanda ndiwo, ine ndiwo zopanda ufa.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kudyetsa ana mpaka chimanga chatsopano popanda kupita kuganyu. Ganyu ndimamudziwa. Umapalira munda wa eni, wako ukumera tchire, ndipo njala ya chaka chamawa umakhala waigula kale.

Choncho tinayamba kusinthana. Muyeso sitinaupeke ife. Aliyense wobwera ku msika wa Thambani ankadziwa kuti mbale imodzi ya nandolo ikupita ndi mbale ziwiri za chimanga. Ndikanati ndikweze, akanapita kwa wina. Akanati atsitse, inenso miyendo ndili nayo. Tinkakhala pakhonde pawo, mbale yake imodzimodzi yachitsulo yothothoka m'mphepete, aliyense kusalaza pamwamba ndi dzanja mnzake akuona.

Poyamba zinkakoma. Ine ndinkanyamuka ndikudziona wochenjera, iwonso ankatsala akumwetulira ngati andipusitsa. Tonse tinkapindula, palibe ankanama. Koma ulendo uliwonse ndinkaona kuti dzanja lawo likulemera polowa m'thumba. Nandolo anali atawakwana, ndipo chimanga chikamachepa chimayamba kukoma m'maso mwa mwini wake.

Mvula itagwa, mbewu zitamera, ndinapitanso ndi dengu langa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Anandiyalira mphasa, koma mbale sanaitulutse.

"Aneba, musandione kuipa," anatero. "Nandolo ndili naye wofika mpaka kukolola. Wina akangodyedwa ndi anankafumbwe. Chimanga chatsalachi ndi cha ana anga."

"Nanga mbale imodzi kwa imodzi?" ndinafunsa, manyazi nditawasiya kunyumba.

"Ngakhale mutandipatsa dengu lonselo. Ndikachotsa mbale ina pamenepa, ndiye kuti ndachotsa pakamwa pa mwana."

Ndinayang'ana matumba awo pakona. Sanali kunama, ndipo chimenecho ndicho chinanditopetsa. Tinali tafika pamene palibe akanapeza bwino popanda mnzake kupweteka. Malonda onse amene akanatithandiza tonse awiri tinali tawamaliza, mwachilungamo, popanda wobera mnzake ndi njere yomwe. Komabe iwo anali ndi chakudya chokwanira, ine ndinalibe. Chilungamo cha mbale chimangoyeza zimene wabwera nazo, sichifunsa kuti mvula inakondera ndani.

Ndikanakonda akanandibera. Ndikanakhala ndi munthu womukwiyira, ndikanazungulira mudzi wonse kuwanena, mtima ukanapepuka. Koma munthu amene wakuyalira mphasa n'kukuuza zoona umamutani? Ndinangokhala, dengu lili pamiyendo, nditatopa mpaka m'mafupa.

Ndikudzuka kuti ndizipita, anandiitana.

"Chilipo chimodzi chimene ndikusowa," anatero, maso ali pansi. "Msana wandivuta, ndipo udzu kudimba wandipitirira. Ndikapanda kupalira, chaka chamawa sindikolola. Pa chimenecho chokha ndingalolere ana adye mopereweza. Mukandipalirira, ndikupatsani chimanga."

Apanso sanalakwe. Iwo akanapulumutsa munda, ana anga akanadya sabata imeneyo. Ndinavomera ndisanamalize n'kuganiza komwe.

Ndinapalira mizere yawo mpaka inayera, ndipo anandilipira osachotsapo kanthu. Munda wanga uli pamtunda, moyang'anana ndi dimba lawo. Nthawi iliyonse ndikaweramuka kuti ndiwongole msana, ndinkauona. Poyamba ndinkatha kusiyanitsa chimanga changa ndi udzu. Pomaliza ganyuyo sindinkathanso.